Kaikidwe ka mabariya a konkire pokonza msewu wa kunyanja

Amene munayendapo pa M5 nthawi ya dzinja, kuchokera pa Kaphatenga kulowera ku Benga, mukudziwa mmene madzi ochokera kumapiri amadyera m'mbali mwa msewu. Ine ndine kapitawo wa anyamata okonza makalavati. Timakumba dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu, uku malole a shuga ochokera ku Dwangwa akudutsa kumsana kwathu. Migolo yopaka penti ndi nthambi za mitengo sizingaimitse lole. Chimene chimatiteteza ndi zipupa za konkire, zimene pasaiti timangoti mabariya.

Mtundu wofala unayambira ku New Jersey, ku America, m'zaka za m'ma 1950. Msinkhu wake ndi masentimita 81, pansi n'potambalala masentimita 61, ndipo chipupa cha mamita atatu chimalemera pafupifupi matani awiri. Choncho musayerekeze kuchinyamulitsa anthu. Itanani kireni, mangani tcheni m'malo ake onyamulira, ndipo chikakhala m'malere wina aliyense ataye kutali. Chipupachi n'chopendeka m'munsi mwake, ndipo kupendekako kuli ndi ntchito: tayala likagunda limakwera pang'ono, galimoto n'kubwezeredwa mumsewu m'malo mophwanyika pomwepo.

Koma apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Bariya yoima payokha ndi mwala chabe. Zipupazi ziyenera kulumikizidwa, china ndi chinzake, polowetsa chitsulo m'makutu a kumapeto kwake, kuti chimodzi chikagundidwa zinzake zichigwire. Ndinaziona ndi maso anga chaka china: anatibweretsera zipupa popanda zitsulo zolumikizira, ife n'kungozindandalika. Pikapu yonyamula matumba a mpunga itagunda chimodzi usiku, chinasendera n'kukapendekera m'dzenje, pamalo enieni pamene masana ake panali mnyamata akusalaza konkire. Kuyambira tsiku limenelo, zitsulo zikasowa sindilola munthu kutsikira m'dzenje.

Ngakhale zolumikiza bwino zimasuntha zikagundidwa. Siyani mpata wa mita imodzi kapena kuposerapo pakati pa bariya ndi mlomo wa dzenje, ndipo mumpatamo musasungiremo simenti, wilibala, kapena kukhalamo podya nsima.

Yang'aniraninso mutu wa mzere, kumene magalimoto akuchokera. Mutu woloza galimoto maso ndi maso ndi woopsa kuposa dzenjelo. Zipupa zoyambirira zizipatuka pang'onopang'ono kulowera kutchire, kuti dalaivala akaphonya akhudze m'mbali. Zikwangwani zochenjeza ziyambire kutali, woyendetsa asanaone n'komwe konkire.

Usiku mumsewu muno mulibe magetsi, ndipo konkire yodetsedwa ndi fumbi imafanana ndi mdima. Pakani penti yoyera ndi yofiira, matani zonyezimira pa chipupa chilichonse, muzizipukuta matope mvula ikagwa. Mabowo odutsira madzi a pansi pa zipupazi musawatseke ndi dothi. Madzi akasowa podutsa amasanduka dziwe pa tala.

Nkhani imene imandipweteka mtima ndi ya oyenda pansi. Kuno msewu ndi wa onse: akabaza, amayi osenza mabeseni a usipa, ana asukulu, ng'ombe. Mukatchinga osawaganizira, mwawakankhira pakati pa lole ndi konkire, popanda pothawira. Alambulireni kanjira kawo kuseri, kotchingidwa ndi mpanda kumbali ya dzenje, kokwanira njinga yonyamula thumba la makala. Ndimayamba ndakaonana ndi amfumu a m'deralo kuti auze anthu awo podutsa.

Ngati mukuumba nokha, ikani zitsulo m'kati, gwiritsani mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndipo sinjani bwino m'chikombole kuti musatsale mabowo. Dzuwa la ku Salima limaumitsa konkire msanga n'kuing'alula, choncho fundikani ndi masaka onyowa, muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo mudikire masiku 28 musanapite nazo pamsewu.