Mmene Mungaphunzitsire Pakhomo Mwana Amene Akuvutika Kuwerenga ndi Kulemba Mawu Molondola

Mwana amayamba kuyankhula popanda wina kumukhazika pansi n'kumuphunzitsa, koma kuwerenga sikubwera mwa njira imeneyo. Kulemba kunayamba zaka pafupifupi 5,000 zapitazo ku Mesopotamia ndi ku Egypt, ndipo ubongo wa munthu ulibe gawo limene limabadwa likudziwa malembo. Umachita kutenga mbali imene imazindikira zinthu zooneka ndi maso n'kuilumikiza ndi mbali imene imamva mawu oyankhulidwa. Kwa ana ena kulumikizana kumeneku kumachitika msanga, pamene kwa ena kumafuna kuphunzitsidwa mwadongosolo ndiponso mobwerezabwereza. Kholo limene likuphunzitsa mwana pakhomo liyenera kugwiritsitsa mfundo imeneyi, chifukwa mwana amene akulephera kuwerenga kawirikawiri amanenedwa kuti ndi waulesi kapena wosamva, pamene vuto lake lenileni ndi lakuti sanagwire mgwirizano wa pakati pa liwu ndi lembo.

Musanasinthe chilichonse pa kaphunzitsidwe kanu, pitani naye akamuyeze makutu ndi maso. Mwana amene anadwaladwala m'makutu ali wamng'ono angakhale kuti kwa miyezi yambiri ankamva mawu mosadziwika bwino, ndipo amene saona bwino pafupi amatopa msanga akayang'ana buku. Zimenezi zikakhala bwino, fufuzani pamene pagona vuto. Mu 1986, akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza kuti kumvetsa zimene munthu akuwerenga kumachokera pa zinthu ziwiri zochulukitsidwa, zomwe ndi kutha kusandutsa malembo kukhala mawu ndiponso kumvetsa chiyankhulocho. Chimodzi chikakhala ziro, yankho lonse limakhalanso ziro. Kuyesa kwake n'kosavuta. Muwerengereni kankhani, kenako mumufunse mafunso. Akayankha bwino zimene wamva ndi makutu koma n'kumalephera akapatsidwa tsamba lomwelo kuti awerenge yekha, ndiye kuti nzeru ndi chiyankhulo zilipo, ndipo ntchito yanu ili pa malembo ndi maliwu ake.

Yambani ndi khutu, buku lili lotseka

Ambiri amadabwa kumva kuti phunziro loyamba la kuwerenga silifuna pepala. Mwana ayenera kuzindikira kaye kuti mawu amene amatuluka m'kamwa ngati chinthu chimodzi ali ndi tizigawo. Tchulani mawu akuti "galu" ndipo muombe naye m'manja kawiri, ga ndi lu. Chitani chimodzimodzi ndi dzina lake komanso mayina a zinthu zimene zili m'chipindamo. Akazolowera maphatikizo, mufunseni liwu limene akulimva koyambirira kwa mawu akuti "mutu", ndiponso ngati "mutu" ndi "mano" akuyamba mofanana. Kenako tchulani maliwu motalikirana, monga m, a, s, o, ndipo iye awalumikize n'kunena kuti "maso". Pomaliza mupatseni mawu athunthu kuti awagawe yekha, chifukwa kugawa mawu ndiye maziko a kulemba molondola.

Katswiri wa ku Russia, Daniil Elkonin, anayambitsa njira yothandiza kwambiri pa ntchito imeneyi. Mumajambula timabokosi tondandalika, kabokosi kamodzi pa liwu lililonse, ndipo mwana amakankhira kabatani kapena kamwala m'kabokosi pamene akutchula liwulo. Mawu akuti "buku" amafuna timabokosi tinayi. Liwu ndi chinthu chimene chimatha msanga chikangotchulidwa, koma kabatani kamakhala pomwepo, ndiye mwana amatha kuona ndi kukhudza chimene khutu lake linali kulephera kugwira. Pakapita masiku, m'malo mwa mabatani muziikamo malembo enieni, chifukwa masewera a khutu amapindula kwambiri akalumikizidwa msanga ndi malembo.

Samalani katchulidwe kanu. Dzina la lembo ndi liwu lake ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mwana amene waphunzira kuti lembo la m ndi "emu" kapena "mu" amavutika kulumikiza, chifukwa poona ma amayamba kutchula "emu-a". Tsekani milomo, mung'ung'udze liwu la m lokha popanda kuwonjezerapo kanthu.

Malembo aziphunzitsidwa motsatana

Mu 2000, gulu la National Reading Panel ku United States linasanthula kafukufuku wochuluka ndipo linapeza kuti kuphunzitsa maliwu a malembo mwadongosolo kumathandiza ana kuposa kuwaphunzitsa mwa apo ndi apo. Ripoti la katswiri wa maphunziro Jim Rose la mu 2006 linalimbikitsanso zomwezo ku England. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti mukhale ndi mndandanda wolembedwa wa zimene mudzaphunzitse, ndipo musadumphire patsogolo mwana asanagwire zam'mbuyo. Simukuyenera kutsata alifabeti kuyambira a mpaka z. Sankhani malembo ochepa amene angapange mawu enieni mwamsanga.

Ngati mwana akuphunzira kuwerenga m'Chichewa, ali ndi mwayi, popeza malembo a liwu ndi asanu okha ndipo salisintha liwu lawo. Yambani ndi a, e, i, o, u, muwonjezere m, n, l, t ndi k, ndipo posakhalitsa adzatha kuwerenga "amama", "mutu", "ana" ndi "moto". Povuta pamabwera akafika pa maphatikizo a malembo atatu, anayi kapena asanu, monga mba, nkha, mpha ndi ntcha. Pamenepa musafulumire. Muphunzitseni kusiyanitsa "kola" ndi "khola" poika dzanja lake pafupi ndi pakamwa kuti amve mpweya umene umatuluka pa kh. Musonyezeni kuti kachizindikiro kakang'ono kamasiyanitsa "mbale" ndi "m'bale", ndiponso kuti ng ndi ng' si liwu limodzi. Ana ambiri amasokonezanso l ndi r, ndipo amathandizika akauzidwa kuti r kawirikawiri amabwera pambuyo pa e kapena i, monga mu "lero" ndi "mbiri".

Chingerezi ndi nkhani ina. Chili ndi malembo 26 oimira maliwu pafupifupi 44, ndipo liwu limodzi lingalembedwe m'njira zingapo. Kafukufuku wa mu 2003 wa Philip Seymour ndi anzake, amene anayerekeza ana a m'mayiko osiyanasiyana a ku Ulaya, anasonyeza kuti ana ophunzira kuwerenga Chingerezi amachedwa kwambiri poyerekeza ndi ophunzira ziyankhulo monga cha ku Finland kapena cha ku Italy, zimene zimalembedwa mmene zimamvekera. Maganizo anga ndi akuti ngati n'zotheka, mwana wovutika ayambe kuwerenga m'chiyankhulo chimene amachidziwa bwino, chifukwa kulimbana ndi malembo ndi mawu achilendo pa nthawi imodzi n'kumusenzetsa mitolo iwiri. Luso lolumikiza maliwu saliphunzira kawiri, amapita nalo ku chiyankhulo chachiwiricho.

Musamulole kulota mawu

Apa ndi pamene makolo achifundo amalakwitsa kwambiri. Mwana akakakamira pa mawu ena, mtima umafuna kumuuza kuti ayang'ane chithunzi kapena aganize mawu amene angakwane pamenepo. Zimaoneka ngati zathandiza, chifukwa tsambalo latha msanga ndipo misozi sinagwe. Koma mwana wanzeru amasandutsa zimenezi kukhala chizolowezi: amayang'ana lembo loyamba, amaponya diso pa chithunzi, kenako amayang'ana nkhope yanu kuti aone ngati walasa. Amatha kuloweza buku lonse pamtima n'kumalinena osayang'ana n'komwe malembo. Njira imeneyi imagwira pa mabuku a zithunzi zambiri, koma imamusiya pamsewu akafika pa masamba odzaza ndi mawu okhaokha.

Akalakwitsa, ikani chala pansi pa mawuwo ndipo mumuuze modekha kuti atchule liwu lililonse kuchokera kumanzere kupita kumanja. Dikirani pang'ono, ngakhale kuti kudikirako kumaoneka kotalika. Ngati waiwala liwu la lembo lina, muuzeni liwu lokhalo, osati mawu onse, ndipo akamaliza abwereze chiganizo chonse kuti tanthauzo lisatayike. Kuti zimenezi zitheke, zimene akuwerenga ziyenera kukhala ndi malembo okhawo amene mwamuphunzitsa kale. Ngati mulibe mabuku otero, lembani nokha ziganizo zinayi kapena zisanu madzulo alionse. Zisakuchititseni manyazi zikamamveka zopanda mchere, chifukwa cholinga chake n'chakuti mwana alawe kukoma kowerenga tsamba lonse ndi mphamvu zake.

Mawu ena a Chingerezi, monga "said" ndi "was", samvera malamulo amene mwana waphunzira. Ngakhale amenewa, musamuuze kuti angowaloweza ngati chithunzi. Musonyezeni malembo amene akumveka monga mwa nthawi zonse, kenako mulembe mzere pansi pa kagawo kovutako kuti aloweze komweko.

Kulemba kuyende limodzi ndi kuwerenga

Kuwerenga ndi kutenga malembo n'kuwasandutsa maliwu, pamene kulemba ndi kutenga maliwu n'kuwasandutsa malembo, choncho chimene mwana wawerenga lero achilembenso lero. Mndandanda wa mawu makumi awiri osagwirizana, oti alowezedwe pofika kumapeto kwa sabata, suthandiza mwana wotereyu, chifukwa amakhoza mayesowo n'kuiwala zonse patangopita masiku atatu. Chitani lembetso lalifupi tsiku lililonse la mawu asanu a mtundu umodzi ndi chiganizo chimodzi. Inu mutchule mawuwo, iye awabwereze, awerengere maliwu ake pa zala, awalembe akutchula liwu lililonse, kenako awerenge zimene walemba. Akalakwitsa, musathamangire cholembera chofiira. Muuzeni kuti awerenge ndendende zimene zili papepalapo, ndipo nthawi zambiri adzamva yekha kuti pali liwu limene lasowa.

Alembe ndi dzanja, chifukwa kuyenda kwa dzanja kumathandiza ubongo kusunga maonekedwe a lembo. Angalembe ndi chala pa mchenga, m'malere kapena pa thebulo asanagwire pensulo. Njira yogwiritsa ntchito maso, makutu ndi dzanja pamodzi inatchuka kudzera mwa dokotala wa ku America, Samuel Orton, ndi mphunzitsi Anna Gillingham m'zaka za m'ma 1930, ndipo mapulogalamu ambiri othandiza ana ovutika kuwerenga anachokera pa ntchito yawo. Za kutembenuza b ndi d, musade nazo nkhawa msanga. Ubongo unazolowera kuti mpando ndi mpando ngakhale utayang'ana kumanzere kapena kumanja, ndiye zimatenga nthawi kuti uvomereze kuti malembo satero. Ana ambiri amachita zimenezi mpaka zaka zisanu ndi ziwiri. Phunzitsani lembo limodzi mpaka likhazikike, ndipo linalo libwere patapita masabata.

Phunziro lonse lisapitirire mphindi makumi awiri, ndipo ndi bwino kulichita m'mawa mutu usanatope. Mphindi zoyamba zikhale zobwereza zakale pa makadi, kenako chinthu chimodzi chokha chatsopano, kuwerenga mawu ndi ziganizo, n'kumalizira ndi lembetso. Kuchita pang'ono masiku asanu pa sabata kumaposa kuchita maola awiri tsiku limodzi. Mwana akayamba kuwerenga molondola koma mokoka, awerenge kandime kamodzi katatu kapena kanayi mokweza, inu mutamuwerengera kaye kuti amve mmene kayenera kumvekera. Misozi ikayamba, tsekani buku, koma mubwererenso tsiku lotsatira pa nthawi yomweyo n'kuyamba ndi chinthu chimene mukudziwa kuti achikhoza.

Kunja kwa mphindi zimenezi, pitirizani kumuwerengera mabuku oposa msinkhu wa kuwerenga kwake. Katswiri wina, Keith Stanovich, anasonyeza mu 1986 kuti mwana wowerenga bwino amawerenga zambiri n'kumadziwa mawu ochuluka, pamene wovutika amathawa mabuku n'kumatsalira pa zonse. Kuphunzira pakhomo kumakupatsani mpata wodula mchitidwe umenewu, popeza masamu, sayansi ndi mbiri yakale siziyenera kudikira kuti mwana adziwe kuwerenga. Muwerengereni funso la masamu, ayankhe pakamwa, afotokoze nkhani yake inu mukulemba, ndiponso amvetsere mabuku ojambulidwa mawu.

Sungani kabuku kolembamo zimene mwaphunzitsa, zimene wagwira ndi zimene akuiwalaiwala. Ngati papita miyezi isanu ndi umodzi mukuchita zimenezi mokhulupirika koma kusintha kuli kochepa, makamaka ngati mwanayo anachedwa kuyankhula kapena m'banja mwanu muli ena amene anavutikapo chimodzimodzi, kaonaneni ndi katswiri wa kaphunziridwe ka ana kuti amuyeze ngati ali ndi dyslexia, lomwe ndi vuto lokhalitsa la kuwerenga ndi kulemba mawu molondola. Dzinali linayamba ndi dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin, m'zaka za m'ma 1880, koma masiku ano zikudziwika kuti gwero la vutoli ndi mmene ubongo umagawira maliwu a chiyankhulo, osati maso, ndipo silikhudzana ndi kuchepa kwa nzeru. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linanena mu 2009 kuti palibe umboni wokwanira wakuti magalasi amitundumitundu kapena masewera olimbitsa maso amachiza vutoli. Popita kwa katswiriyo, tengani kabuku kaja pamodzi ndi mapepala a lembetso a miyezi yonseyo, osasankha okongola okha, chifukwa mtundu wa zolakwa zimene mwana amabwereza ndi umene udzamusonyeze pamene ayenera kuyambira.