Kayezedwe ka mankhwala opha udzu m'madzi akumwa ndi ELISA

Madzi atha kuoneka oyera mbee koma muli atrazine, mankhwala opha udzu, yemwe anakokoloka ndi mvula kuchokera mminda, diso lokha silingakuuzeni kanthu apa. Njira yachangu yomuyezera ndi ELISA, kuyeza kwa mu labu koonetsa zotsatira ndi mtundu, kit yake imabwera ndi pleti ya timabowo 96 tomwe anamatamo kale ma antibody, mapuloteni ogwira mankhwala mukusakawo.

Yambani ndi sampulo. Tungani mu botolo la galasi la bulawuni, lisungeni pozizira pa madigiri 4, ndipo ngati ali madzi a pampopi othira chlorine ponyanimo ka sodium thiosulfate pang'ono chifukwa chlorine amasokoneza zotsatira. Kit ija itulutseni mu filiji ikhale kaye panja mpaka kuzizira kuthe, chonde musapupulume pamenepa, ambiri ntchito amaionongera pompa.

Ndiye donthezani ma standard (madzi omwe mulingo wake wa atrazine ndi wodziwika kale) ndi masampulo anu, chilichonse timabowo tiwiri, nkuonjezera enzyme conjugate (atrazine womangiriridwa ku enzyme yobweretsa mtundu), dikirani mphindi zomwe pepala la kit lanena osati zongoganizira. Tsukani ndi wash buffer, pleti muigogode chozondotsa pa tishu. Thirani substrate ya TMB muona buluu akubwera, stop solution ikalowa zisanduka zachikasu, basi werengani mtunduwo pa makina owerengera pleti pa 450 nm.

Tsono mvetsetsani apa, mtundu umayenda chobwerera. Atrazine wa m'madzi ndi wa mu conjugate amalimbirana malo pa ma antibody omwewo, ndiye madzi akakhala ndi mankhwala ambiri conjugate amasowa pogwira nkutsukika, kabowo kamatuluka kotuwa. Kabowo kakuda mtundu kwambiri ndi komwe mankhwala ali ochepa. Munthu akasokoneza izi atha kuuza anthu kuti imwani madzi omwe ali oipa, ine zimenezi zimandiopsa zedi.

Nambala mwapeza pofananiza masampulo ndi ma standard ija muiyerekeze ndi malire a lamulo lomwe mukutsatira, ku European Union ndi 0.1 µg (microgram) pa lita kwa mankhwala amodzi, ku America atrazine ndi 3 µg pa lita.

Komanso ma antibody a atrazine amagwiranso abale ake ngati simazine ndi propazine, sasiyanitsa bwino ayi. Choncho sampulo ikaonetsa kuti muli kanthu musathamangire kulengeza, itumizeni ku labu yomwe ili ndi makina a LC-MS/MS kapena GC-MS akatsimikize kuti ndi mankhwala ati komanso ochuluka bwanji.