Mukafuna kudziwa kuti kachilombo kafala bwanji mu komboni, yambani ndi magazi

Mwana wa achemwali anga ali pa kozi ya public health, dzulo wabwera kunyumba ku Chawama ati malume ndithandizeni, aticha atipatsa funso la serosurvey, kafukufuku woyeza magazi kuti mudziwe kuti ndi angati anakumana ndi kachilombo, koma mutu wanga wazungulira. Ndinamufotokozera tikudya nsima, ndiye ndati ndilembe pano ena apindule nawo.

Nkhani yake ndi iyi, nambala ija ya COVID-19 inkalengezedwa pa wailesi inkawerenga okhawo amene anapita kukayezetsa. Nanga uja anangomva kachimfine, namwa mandimu ndi jinja, mmawa mwake ali pa msika wa Soweto kugulitsa tomato? Iyeyo sali mu buku la aliyense. Koma thupi lake linapanga ma antibody, asilikali aja amatsala mmagazi matenda atapita, ndipo amenewo ndi amene mumakafuna. PCR ya mmphuno imakuuzani amene ali nako manje, magazi amakuuzani amene anakumana nako kale.

Ntchito yaikulu ndi kusankha anthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Osakhala pa geti ya kiliniki nkumatenga magazi a aliyense wolowa, amenewo abwera chifukwa akudwala kale, nambala idzakwera pachabe. Osatenganso anzanu a ku ofesi chifukwa ndi osavuta kuwapeza. Mumatenga mapu a timadera timene a kalembera amagwiritsa ntchito, nkusankha timadera mwamaere, kenako nyumba mwamaere, kuti wa ku Kanyama ndi wa ku Kabulonga onse akhale ndi mwayi wosankhidwa. A ZNPHI, bungwe la boma la Zambia loona za umoyo wa anthu, ndi anzawo atachita zimenezi pa COVID-19 mu July 2020 anapita mmaboma 6, Lusaka, Kabwe, Ndola, Livingstone, Nakonde ndi Solwezi, ndipo analembetsa anthu 4,258, ana ndi akulu omwe. Nyumba ikasankhidwa ndi yomweyo basi. Mukapeza loko pakhomo mumabwereranso madzulo kapena Loweluka, osati kungolowa kwa aneba chifukwa amayi akumeneko akumwetulirani. Mukamayenda 10 koloko mmawa chabe mudzapeza agogo, amayi oyamwitsa ndi tiana, pomwe ma kondakitala a minibasi ndi amalonda, amene amapumirana ndi anthu mazana tsiku lililonse, onse mwawaphonya.

Musanagogode pakhomo lililonse mukhale ndi chilolezo cha a ethics, komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, ndipo muyende ndi munthu wodziwika mderalo, kaya ndi wa komiti ya zaumoyo kaya mkulu wa mpingo. Magazi si nkhani yamasewera kwathu kuno, munthu akaona ma gulovu ndi kula bokosi, lija lozizira losungiramo magazi, amayamba kuganiza za satanism. Fotokozani mu chinenero chake kuti magazi akupita kuti, mutenga ochuluka bwanji, ndipo akakana mwathokoza nkupita. Koma lembani kuti akana angati, izi zimafunika pambuyo. Mwana amasainiridwa ndi kholo.

Funsaninso zaka, ntchito, ngati anadwalapo, ndi za katemera. Apa samalani. Katemera wa COVID-19 anayamba kubayidwa kuno mu April 2021, ndipo AstraZeneca, Pfizer ndi Johnson & Johnson amapangitsa ma antibody a spike, timinga ta kunja kwa kachilombo. Ndiye mukayeza a spike okha simungasiyanitse wobayidwa ndi wodwala, mufunika kuyeza a nucleocapsid, mbali ya mkati mwa kachilombo imene mulibe mu makatemera amenewa. Katemera wa Sinopharm ndiye amasokoneza chifukwa ndi kachilombo kathunthu kophedwa, amatha kupereka onse awiri. Pemphani kuona khadi, pakamwa anthu amaiwala.

Magazi otengedwa pamtsempha alowe mu kula bokosi pompo, botolo lililonse ndi nambala yake yogwirizana ndi fomu, stika ikamatuka ndiye kuti munthuyo munamubaya pachabe. Ku labu amayeza ndi ELISA, njira yofufuzira ma antibody mmagazi.

Tsopano masamu, amene mwana wa achemwali uja amawaopa. Palibe chipangizo chosalakwitsa. Sensitivity ndi kuchuluka kwa amene anadwaladi omwe chipangizo chimawagwira, specificity ndi kuchuluka kwa amene sanadwale omwe chimanena zoona kuti alibe. Tiyerekeze mwayeza anthu 1,000, apezeka 80, ndiye 8 peresenti, chipangizo chanu sensitivity 85, specificity 98. Mumatenga 0.08 kuphatikiza 0.98 kuchotsa 1, yatsala 0.06. Pansi pake 0.85 kuphatikiza 0.98 kuchotsa 1, ndi 0.83. Gawani 0.06 ndi 0.83, mupeza 7.2 peresenti. Ikuoneka ngati kusiyana kwake nkochepa eti? Yesani akanakhala 30 chabe, 3 peresenti ija imagwa mpaka 1.2, kutanthauza kuti ambiri mwa 30 aja anali abodza. Nchifukwa chake ine sindikhulupirira nambala ya chipangizo yolembedwa pa katoni, chiyeseni kaye pa magazi akuno amene anasungidwa mliri usanabwere, poti kuno kuli malungo ndi matenda ena amene nthawi zina amanamiza zipangizo zoterezi.

Mukakonza choncho, linganizani ndi mmene anthu alili mderalo, ngati mwa oyezedwa amayi achuluka kuposa mmene alili pa kalembera muwachepetse mphamvu, kenako chulukitsani. Komboni ya anthu 200,000 pa 7.2 peresenti ndi anthu pafupifupi 14,400. Osapereka nambala imodzi yowuma, perekani kuti ili pakati pa apa ndi apa, ndipo mpatawo umakula chifukwa anthu a nyumba imodzi amapatsirana, zotsatira za magazi awo zimafanana.

Kafukufuku wa 2020 uja anapeza 7.6 peresenti pa PCR ndi 2.1 pa magazi, zonse pamodzi 10.6 mwa okhawo amene anayezedwa njira zonse ziwiri, ndipo anawerengera kuti pa munthu mmodzi wolembedwa ku labu panali pafupifupi 92 ogwidwa. Taonani mmene ya magazi inatsalira kumbuyo, ndi chifukwa anayenda funde la matenda lili pakati, ndipo ma antibody amatenga masabata awiri kapena atatu kuti aoneke bwino. Mukachedwetsanso kwambiri amayamba kuzilala, makamaka a nucleocapsid. Choncho pa lipoti lembani masiku enieni amene munatenga magazi, ndipo ngati ndalama zilipo mubwerere mtimadera tomweto pakapita miyezi ingapo.