Mwavulala pangozi? Umu ndi mmene mungasumire kuti mulandire chipukuta misozi

Mlamu wanga anagundidwa ndi minibasi pa Chitakale ku Mulanje akupita kumsika ndi dengu la nanazi panjinga. Mwendo unathyoka pawiri, anakhala miyezi itatu ali ndi chikhakha. Dalaivala anakaonekera kukhothi, anavomera mlandu woyendetsa mosasamala, analipira chindapusa, mawa lake n'kubwerera pamsewu. Ife kunyumba tinkangodikira kuti ndalama ija itipeza. Sinabwere, ndipo siikanabwera, chifukwa chindapusa chimalowa m'thumba la boma. Mlandu wa apolisi ndi wolanga wolakwa. Wa chipukuta misozi ndi wina, ndipo woyambitsa ndinu mwini bala. Mukakhala chete, palibe adzakuyambitsireni.

1. Sonkhanitsani umboni bala lidakali laliwisi

Apa ndi pomwe milandu yambiri imafera. Ngati simungathe kudzuka, tumani wachibale. Ajambule pafoni nambala ya galimoto, kapepala ka inshuwalansi komata pagalasi lakutsogolo, malo angozi ndi bala lenilenilo. Atenge dzina ndi nambala ya foni ya aliyense amene waona, kaya ndi mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu kapena wakabaza wapasiteji. Pakatha chaka anthuwa amakhala atasamuka, ena atalowa ku Mozambique kudzera pa Muloza.

Kenako mapepala awiri omwe loya aliyense adzayambe kukufunsani: lipoti la apolisi apamsewu ndi lipoti la achipatala. La achipatala likhale lochokera komwe munalandiradi thandizo, kaya ndi pachipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, ku Mulanje Mission, ku Malamulo, kapena ku Queens ngati anakutumizani ku Blantyre. Limalongosola chimene chinavulala ndi kulumala komwe kwatsalira. Buku lanu la kuchipatala musalisiye pakhonde ana n'kumalembamo masamu. Malisiti onse, a mankhwala, a malipoti awiri aja, a ndodo zoyendera, ikani m'jumbo imodzi. Ndalama imene munawononga koma mulibe pepala lake, khothi limavuta kukubwezerani.

2. Werengani nthawi

Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 kuchokera tsiku langozi kuti musume mlandu wa kuvulala. Ngati mukufuna kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, zomwe lamulo la Road Traffic Act limalola, nthawiyo ndi yofupikirapo: zaka 2. Zimaoneka zambiri, koma zimatha mwini galimoto akukuuzani kuti "bwerani mwezi ukatha, tikambirana."

3. Dziwani amene mukumusumira

Pangozi yapamsewu nthawi zambiri amasumiridwa dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi limodzi. Vuto limakula ikakhala njinga yamoto ya kabaza yopanda inshuwalansi. Mukhoza kupambana mlandu, koma mnyamatayo chuma chake chonse ndi njinga yophwanyikayo. Pamenepo ganizani kawiri musanawononge ndalama zanu.

Wovulala pantchito, monga m'fakitale ya tiyi kapena pogwa pathirakitala ya esiteti, ali ndi njira ina. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati alandire chipukuta misozi kudzera ku ofesi ya zantchito, kuleba kuja, popanda kusonyeza kuti bwana analakwa. Koma ngati bwanayo ananyalanyaza, mwachitsanzo makina opanda chotchingira kapena kugwiritsa anthu ntchito popanda magolovesi, mlandu wa kukhothi ulinso wotheka. Funsani loya musanasankhe njira.

Wovulala akakhala mwana, amasuma m'malo mwake ndi kholo kapena womulera. Munthu akamwalira, amasuma ndi amene ankadalira malemuwo.

4. Pezani loya, osati dobadoba

M'mawodi a ovulala mumazungulira anthu ovala bwino, atanyamula mafomu, akulonjeza mamiliyoni. Mlamu wanga anamupeza tsiku lachiwiri, dripi idakali pamkono. Musasaine kanthu muli pabedi, ndipo musapereke mapepala enieni, perekani mafotokope. Pitani nokha ku ofesi ya loyayo, mumuone nkhope. Bungwe la Malawi Law Society lingakuuzeni ngati ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo ndi komwenso mungakadandaule akakuchitani zachinyengo. Za malipiro ake mugwirizane molemba kuyambira pachiyambi. Ngati mulibe ndalama, a Legal Aid Bureau anakhazikitsidwira anthu ngati inu.

5. Kalata isanafike samani

Loya amayamba ndi kalata kwa a inshuwalansi yofuna malipiro. Nthawi zina iwo amayankha ndi ndalama yakutiyakuti kuti nkhani ithere panja. Si zoipa ayi, milandu yambiri imatha motero. Koma pepala lomwe mudzasaine polandira limatseka nkhani yonse. Mwendo ukadzayamba kuvuta nyengo yachisanu ya Juni, simungabwererenso. N'chifukwa chake ine ndimati dikirani achipatala anene kaye mmene bala latherera.

6. Kukhothi

Milandu ya ndalama zochepa imatha kuweruzidwa kwa majisitireti pa boma pa Mulanje kapena pa Thyolo. Ya kuvulala kwakukulu imapita ku bwalo lalikulu ku Chichiri, ku Blantyre, komwe amatsata malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017. Loya amatula samani yolongosola zimene zinachitika, kulakwa kwa winayo ndi zimene mukufuna. Wosumiridwa akalandira, ali ndi masiku 14 oti asonyeze kuti akutsutsa, ndi masiku 28 oti apereke yankho lake. Akangokhala duu, mumapempha chigamulo popanda iye.

Akayankha, mlandu suthamangira kozengedwa. Umayamba wapita kwa jaji ngati mkhalapakati, kuti mbali ziwirizi ziyese kumvana. Zikakanika m'pamene tsiku lozenga limaikidwa. Umboni wanu umalembedwa pasadakhale, ndiye tsikulo ntchito yaikulu ndi kuyankha mafunso a loya wa mbali inayo. Adzakupanikizani: munali mbali iti ya msewu? Munavala chipewa chapanjinga yamoto? Munali mutalawako? Nenani zimene mukukumbukira, zimene simukumbuka nenani kuti simukumbuka. Khothi likapeza kuti nanunso munalakwako, silikuthamangitsani, koma limadula ndalama molingana ndi gawo lanu la kulakwako. Ndipo simufunika umboni wolimba ngati wa mlandu wakupha. Chofunika n'chakuti nkhani yanu ikhale yokhulupirika kuposa ya mnzanuyo.

Konzekerani kuyenda. Milandu imaimitsidwa, tsiku lina loya wadwala, tsiku lina fayilo sikuoneka, inu mutalipira kale minibasi kuchokera ku Limbuli.

7. Kuwerengera ndalama ndi kuzilandira

Kupambana ndi kwina, kuchuluka kwa ndalama ndi kwina. Kawirikawiri Registrar wa khothi ndiye amawerengera pa tsiku lapadera. Amaona ululu umene munamva, zimene simungathenso kuchita monga kulima, kupalasa njinga kapena kusenza mtolo, zipsera ndi kupunduka, ndalama zimene mukanapeza pantchito, ndi malisiti aja. Amayerekeza ndi milandu yakale ya mabala ofanana, n'kuganiziranso kugwa kwa kwacha, monga kwa 44 peresenti kwa mu Novembala 2023. Musachite manyazi kukwinya buluku kuti aone chipsera.

Dziwaninso kuti inshuwalansi ili ndi malire ake. Khothi likagamula zoposa malirewo, zotsalazo mumalondola kwa mwini galimoto, ndipo akakana, a sheriff amatha kukalanda katundu wake. Amene sanakhutire ndi chigamulo cha bwalo lalikulu amachita apilo ku bwalo la apilo la Supreme Court of Appeal.

Ndalama zimadzera kwa loya, choncho pemphani kope ya chigamulo ndi pepala losonyeza zimene zalowa ndi zimene wadula. Mlamu wanga analandira zake patatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Ya mankhwala amene tinagula kufamase ku Limbe sinabwezedwe, chifukwa lisiti lake linachapidwa limodzi ndi malaya.