Momwe mungagulire kapena kusamutsira pisitolo mwalamulo ku United States

Munthu wofuna kugula pisitolo ku United States amayenera kutsatira malamulo a maboma awiri nthawi imodzi: a boma lalikulu la ku Washington, amene maziko ake ndi lamulo la Gun Control Act la 1968, ndiponso a chigawo chimene akukhala, monga Texas, Indiana kapena California. Chimene boma lalikulu lalola, chigawo chikhoza kuchikhwimitsa, ndipo ambiri amapezeka pa mlandu asanawombe n'komwe mfutiyo, chifukwa chongoilandira m'njira yolakwika.

Choyamba, onetsetsani ngati inuyo ndinu wololedwa kukhala ndi mfuti. Sitolo yokhala ndi chiphaso cha boma, imene imadziwika ndi zilembo zakuti FFL, siloledwa kugulitsa pisitolo kwa munthu wosakwana zaka 21. Oletsedwa kotheratu ndi monga amene anapezeka wolakwa pa mlandu umene chilango chake chingapitirire chaka chimodzi m'ndende, amene anapezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja, amene khoti linamulamula kuti asayandikire mkazi kapena mwamuna wake, ndiponso wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo oletsedwa. Kwa Amalawi ndi a ku Zambia amene ali m'dzikomo, funso lalikulu ndi la mapepala. Wokhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, amagula monga nzika, koma amene analowa ndi viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena yokacheza, ndi woletsedwa pokhapokha akhale m'gulu la anthu ochepa amene lamulo lawapatula, monga okhala ndi chiphaso chosakira nyama chimene sichinathe ntchito. Amene viza yake inatha ndipo akukhala popanda chilolezo asayandikire nkhaniyi n'komwe.

Mukatsimikiza zimenezi, funsani zofunika m'chigawo chanu musanapereke ndalama iliyonse. Ku New York simungakhale ndi pisitolo popanda chiphaso chapadera, ndipo lamulo lake linayamba kalekale mu 1911. Ku Illinois pamafunika khadi la mwini mfuti lotchedwa FOID komanso kudikira maola 72, pamene ku California mumadikira masiku 10. Ku Texas kulibe nthawi yodikira yoteroyo.

Kusitolo mudzapita nokha, mutatenga chitupa cha boma chokhala ndi chithunzi chanu, tsiku lobadwa ndi adiresi ya kumene mukukhala panopa, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito laisensi yoyendetsera galimoto. Wogulitsa adzakupatsani fomu ya nambala 4473 ya ATF, bungwe la boma lalikulu loona za mfuti. Mudzalemba dzina, kumene munabadwira, dziko limene ndinu nzika yake ndi nambala ya mapepala anu olowera m'dziko ngati si inu nzika, kenako mudzayankha mndandanda wa mafunso a inde kapena ayi n'kusaina. Wogulitsayo amatumiza zimenezi ku NICS, njira yofufuzira mbiri ya ogula imene bungwe la FBI linayamba kuyendetsa mu 1998 potsatira lamulo la Brady la 1993. Yankho limabwera mwa mitundu itatu: mpatseni, dikirani, kapena musamupatse. Likakhala lakuti dikirani ndipo papita masiku 3 ogwira ntchito popanda yankho lina, lamulo la boma lalikulu limalola wogulitsa kupereka mfutiyo, ngakhale kuti silimukakamiza, ndipo zigawo zina zimaletsa. Mukagula mapisitolo awiri kapena kuposerapo pasitolo imodzi m'kati mwa masiku 5 otsatizana ogwira ntchito, sitoloyo imayenera kudziwitsa ATF.

Pa mafunso onse a pafomu ija, limene liyenera kuwerengedwa mofatsa kwambiri ndi lofunsa ngati inuyo ndinu mwini wake weniweni wa mfuti imene mukugulayo. Kwa ife amene tinakula ndi chizolowezi chotumana pachibale, kugulira m'bale chinthu ndi ndalama zake sikuoneka ngati cholakwa, koma pa mfuti ndi mlandu waukulu. Bruce Abramski, amene kale anali wapolisi ku Virginia, anagulira amalume ake a ku Pennsylvania pisitolo ya Glock 19 atalandira kwa iwo cheke cha madola 400, ndipo pafomu anayankha kuti wogula ndi iyeyo. Amalumewo sanali munthu woletsedwa kukhala ndi mfuti, komabe mu 2014 Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula, oweruza 5 kwa 4, kuti Abramski ananama pa chinthu chofunika ndipo ndi wolakwa. Lamulo la 2022 linaika chilango chofika zaka 15 kwa wogulira mfuti munthu woletsedwa. Mphatso yeniyeni, yogula ndi ndalama zanu popanda kubwezeredwa, ndi yololedwa, malinga wolandirayo akhale woyenera.

Kusamutsa pisitolo kuchokera kwa munthu wina kupita kwa mnzake kumadalira kumene awiriwo akukhala. Ngati onse ali m'chigawo chimodzi, lamulo la boma lalikulu silikakamiza kudzera kusitolo, koma limaletsa kupereka mfuti kwa munthu amene mukudziwa kapena muli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi woletsedwa. Zigawo monga California, Colorado, New York ndi Washington zimafuna kuti ngakhale malonda a pakati pa anthu wamba adzere mwa wogulitsa wovomerezeka. Ngakhale kumene sizikakamizidwa, ndi nzeru kupita nonse kusitolo n'kulipira kandalama kakusamutsira, chifukwa mfutiyo ikadzapezeka pamalo a mlandu patapita zaka, apolisi potsatira nambala yake adzafika kwa inu, ndipo fomu yosainidwa ndiyo idzakuyankhireni.

Ngati awiriwo ali m'zigawo zosiyana, njira ndi imodzi yokha. Pisitoloyo itumizidwe kwa FFL wa m'chigawo cha wolandira, ndipo wolandirayo akadzaze fomu 4473 kumeneko ngati akugula yatsopano. Izi zimakhudzanso zogula pa intaneti, ndiponso bambo wa ku Ohio wofuna kupatsa mwana wake wa ku Michigan: sangamupatsire pamanja pa tsiku la Khirisimasi. Chimene lamulo la boma lalikulu linapatula ndi cholowa cha womwalira, malinga wolandirayo akhale wololedwa kukhala nayo m'chigawo chake.

Mfuti zakale zosonkhanitsa zili m'magulu awiri amene anthu amawasokoneza. Yopangidwa m'chaka cha 1898 kapena m'mbuyo mwake imatchedwa antique, ndipo lamulo la 1968 siliiwerengera ngati mfuti, choncho sipafunika fomu kapena kufufuzidwa. Mapisitolo awiri a Colt Single Action Army, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1873, akhoza kugonekedwa patebulo limodzi n'kumaoneka ofanana ndendende, koma ya 1897 n'kugulitsidwa pamanja pamene ya 1899 iyenera kutsata njira zonse zija. Chosiyanitsa ndi nambala yodindidwa pachitsulo, imene imasonyeza chaka chopangidwa, osati mawu a wogulitsa.

Gulu lachiwiri ndi la curios and relics, mwachidule C&R, limene muli mfuti zimene zakwanitsa zaka 50 chipangidwire ndipo sizinasinthidwe maonekedwe ake oyamba, monga Luger P08, Walther P38 ndi Tokarev TT-33 za m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuphatikizapo zina zocheperapo zaka zimene ATF inaziika pamndandanda wake, monga CZ 82. Izi ndi mfuti zenizeni pamaso pa lamulo, ndipo munthu wamba amazigula monga pisitolo ina iliyonse. Wofuna kusonkhanitsa zambiri angapemphe chiphaso cha Type 03 podzaza fomu 7/7CR: akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, alipire madola 30 a zaka 3, ndipo atumize kope la pempholo kwa mkulu wa apolisi wa m'dera lake. Akachipeza, akhoza kulandira mfuti za C&R pakhomo pake kuchokera kuchigawo china popanda fomu 4473, koma ayenera kusunga buku lolembamo iliyonse imene yalowa kapena kutuluka, mtundu wake, nambala yake, tsiku ndi munthu amene wachita naye malonda.

Chiphasochi chili ndi malire ake. Sichithandiza pogula pisitolo yamakono, sichilola kuchita bizinesi yogula ndi kugulitsa, ndipo sichifafaniza malamulo a chigawo: ku California, ngakhale wokhala nacho sangatumiziridwe pisitolo pakhomo, imadzerabe kusitolo. Komanso sichipereka ufulu wotulutsa mfuti m'dzikomo. Wofuna kupita nayo kwawo ku Malawi kukakhazikika amafunika chilolezo cha boma la United States chotumizira mfuti kunja, ndiponso chilolezo cha apolisi a ku Malawi chimene ayenera kuchipeza mfutiyo isananyamuke.