Msuzi wa mafupa: moto usazime

Mafupa a mbuzi kaya a ng'ombe atsukeni, tereka ndi madzi ozizira, akawira yengulani thovu lija ndi chipande kenako chepetsani makala pambaula. Uzingowira pang'onopang'ono maola 4 mpaka 6, madzi akaphwa onjezerani otentha osati ozizira ayi.

Vuto limabwera usiku abale. Moto wazima, mphika wagona uli wofunda, ndiye ndi kutentha kwa kuno ku Tete mmawa msuzi wasasa, ndipo kuwiritsanso sikuchotsa poizoni yense wa mabakiteriya. Mukaphula gawani m'timapoto uzizire msanga, pasanathe maola 2 ulowe mufiliji. Mulibe filiji? Phikani wa tsiku lomwelo basi. Chonde mbaula isakhale m'nyumba yotseka, mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.