Kukaphunzira Zojambula, Mapulani a Nyumba kapena Zisudzo Kunja

M'maphunziro atatuwa magiredi abwino paokha sakwanira. Osankha ophunzira amafuna kuona ntchito ya manja anu kapena kukuonani mukusewera, ndipo zimenezi sizikonzeka pa sabata imodzi. Yambani kukonzekera kudakali chaka chathunthu. Ku UK mafomu ambiri amadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu m'malo mwa mayunivesite, ndipo amatseka mu Januwale, pomwe sukulu zina za zisudzo monga RADA ku London zimalandira mafomu pazokha.

Potifoliyo, kutanthauza ntchito za manja anu zimene mwasonkhanitsa kuti muonetse osankha ophunzira, ndi imene imagwetsa ambiri. Rhode Island School of Design ku America imapempha ntchito 12 mpaka 20, ndipo sukulu zina sizitalikira chiwerengerochi. Musaidzaze ndi nkhope za anthu otchuka zokopera pa zithunzi za pa intaneti. Aphunzitsi amazizindikira msanga, chifukwa wokopera chithunzi amangotengera mthunzi umene kamera inagwira kale, osaonetsa ngati diso lake limatha kuyeza chinthu chenicheni. Jambulani zimene zili patsogolo panu: dzanja lanu, mpando, munthu atakhala, ngodya ya chipinda. Ikanimonso masamba a buku lanu loyeserera, ngakhale ofufutafufuta, poti ndi amene amaonetsa mmene ganizo linakulira. Ntchito iliyonse muilembe kukula kwake, chaka ndi zipangizo zimene munagwiritsa ntchito. Poitola chithunzi, ikani pamthunzi masana, kamera iyang'anizane ndi pepala bwinobwino, ndipo muzimitse fulashi chifukwa imawalitsa penti ndi pensulo mpaka mitundu kusintha. Ntchito yabwino koposa ikhale yoyamba. Zofooka zitatu zimatsitsa zabwino khumi, ndiye ingozichotsani.

Ofuna za mapulani a nyumba asavutike ndi mapulani a pa kompyuta, zimenezo akaphunzira komweko. Kamodelo ka katoni kojambulidwa mbali zitatu kamanena zambiri. Chofunika kufufuza musanalipire ndi kuvomerezeka kwa digiriyo. Ku UK njira ya RIBA, bungwe la akatswiri a mapulani a nyumba, ili motere: zaka 3 za digiri yoyamba, zaka 2 za masitazi, zaka ziwiri zogwira ntchito mu ofesi, kenako mayeso omaliza, zonse pamodzi zaka zosachepera 7. Ku America zigawo zambiri zimafuna digiri yovomerezedwa ndi NAAB, bungwe lovomereza madigiri a mapulani a nyumba, monga B.Arch ya zaka 5, kuwonjezera maola 3,740 a ntchito yoyang'aniridwa. Digiri ya zaka 4 ya dzina lofananako ikhoza kukhala yosavomerezedwa. Lemberaninso bungwe lolembetsa akatswiriwa m'dziko limene mudzagwire ntchito, likuuzeni ngati pepalalo lidzalandiridwe.

A zisudzo amayesedwa pa odishoni, pamene mumasewera kuti osankha ophunzira akuoneni. Kawirikawiri amafuna malankhulidwe awiri a munthu mmodzi, ena a m'sewero lakale monga la Shakespeare, ena amakono, aliwonse pafupifupi mphindi ziwiri. Sankhani munthu wa msinkhu wanu ndipo werengani sewero lonse, chifukwa adzakufunsani chimene munthuyo akufuna kwa amene akulankhula naye. Akakuuzani kuti mubwereze mwa njira ina, kaya mutakhala pansi kapena monong'ona, sikuti mwalakwitsa: akuyesa ngati mumamva malangizo. Amene analoweza ngakhale kakwezedwe ka mawu amakanika pomwepa. Ngati gawo loyamba ndi la vidiyo, gonekani foni cham'mbali, imani pakhoma lopanda zokongoletsa, ndipo musamale phokoso kuposa kuwala.

Pa ndalama, fizi ndi gawo chabe. Mapepala, penti, katoni ndi kusindikiza mapulani aakulu mumalipira nokha. Ku Germany sukulu zambiri za boma sizilipiritsa fizi, kupatula malo ena monga Baden-Württemberg kumene ochokera kunja kwa European Union amalipira mayuro 1,500 pa semesita, komabe viza imafuna umboni wa ndalama zodyera chaka chonse, zimene mu 2025 zinali mayuro 11,904 mu akaunti yapadera imene simungatapemo ndalama zonse nthawi imodzi. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba kumeneko ndi a m'Chijeremani. Kwa opita kolankhula Chingerezi, zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musathamangire kulemba.

Musadalire luso lanu kuti likakudyetsani. Viza ya wophunzira ku UK imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, koma imaletsa kudzilemba nokha ntchito ndiponso kusangalatsa anthu molipidwa. Kugulitsa zojambula mwa oda kapena kusewera pa siteji kuti mulandire ndalama kungakuthetsereni viza, pokhapokha seweroli likhale gawo la kosi lokonzedwa ndi sukulu. Ku America viza ya wophunzira ya F-1 imalola maola 20 omwewo, koma chaka choyamba ntchitoyo ikhale ya pa sukulu pomwepo.